Tsiku Limene Ndinalephera Kudwala

Ndadwala matenda ambiri pa moyo wanga, ndipo onse ndinawadwala bwino. Ndadwalapo shuga, mphumu, miyala ya mu impso, ndafaponso kangapo konse n'kudzuka kukamwa tiyi. Koma tsiku limene mtima wanga unafunadi kuima, Pulofesa Raafat anandiuza pamaso pa alendo ochokera ku Cairo kuti sindidziwa kudwala.

Dzina langa ndine Shawki. Unyamata wanga wonse ndinathera ku nyumba ya zisudzo ya m'tawuni mwathu, komwe ndinkasewera ngati msilikali, wakuba, apongozi oipa mtima, chilichonse chimene anzanga akana. Nyumbayo itatsekedwa kuti akonze denga, denga lomwe mpaka lero akukonzabe, ndinapeza ntchito pa sukulu yatsopano ya zaumoyo, ija ili kuseri kwa msika wa nsomba. Ntchito yake ndi kugona. Amandiveka chimkanjo cha odwala chotseguka kumbuyo, amandiuza matenda a tsikulo, ine n'kugona pabedi kumabuula, ophunzira n'kumaphunzirira pa ine. Mkazi wanga Ihsan amati palibe chachilendo pamenepo, ntchito imeneyi ndinaiyamba kalekale kunyumba.

Poyamba ophunzira ankabwera m'magulu awoawo. A udokotala tsiku lawo, a unamwino tsiku lawo, azamankhwala akapeza mpata. Ngakhale pamalo odyera, gulu lililonse linali ndi ngodya yake, ndipo mwana wa udokotala akakhala pa mpando wa anamwino anzake ankamufunsa ngati akudwala. Ndiye wina ku Cairo uko anatulukira nzeru yoti anthu amene adzasamalire wodwala mmodzi ndi bwino aziphunzirira limodzi. Nzeru yake yabwino, sindikutsutsa. Anaipereka m'manja mwa Dokotala Nagwa wa ku unamwino, mayi wachete amene ankaikhulupiriradi, ndipo kukhulupirira chinthu pa sukulu ija ndi matenda opanda mankhwala.

Aphunzitsi akuluakulu a magawo atatuwo anakhala pansi kuti akonze phunziro la kugwirira ntchito limodzi. Anakangana nyengo yonse yotentha pa nkhani imodzi yokha, yoti pachikwangwani cha pakhomo payambe dzina la gawo liti. A udokotala anati funso lotere ndi chipongwe. Azamankhwala anati atsatire ndondomeko ya zilembo, atawerengera kale kuti iwakomera. Mpaka lero chitseko cha chipinda chija chilibe chikwangwani, pali mabowo a misomali okha.

Chimene anagwirizana ndi mawu oti ana aziloweza. Wina akalankhula, mnzake ayankhe kuti, "Ndakumvani, mnzanga." Wina akapereka maganizo, "Zikomo chifukwa cha ganizo lanu, mnzanga." Wina akaona kuti zinthu sizili bwino, asakalipe, anene modekha kuti, "Ndili ndi nkhawa, mnzanga." Mawu amenewa anali ndi malikisi ake. Ndiye unkaona ana amene panja sapatsana n'komwe moni akulowa m'chipinda n'kuyamba kuthirana ulemu ngati alendo a pa ukwati. Ine ngati wazisudzo ndinkamva manyazi m'malo mwawo, chifukwa ngakhale bodza limafuna luso.

Lamulo lalikulu la chipinda chija linali lakuti thupi langa silikhulupiriridwa. Pake ndithu, poti ndinali munthu wabwinobwino. Wophunzira akagwira pamkono panga kuti amve kugunda kwa mtima, ankangoikapo zala mwamwambo, n'kuyang'ana kudenga. Kudengako kunali chokuzira mawu, ndipo mphunzitsi wokhala kuseri kwa galasi ndiye ankanena mmene mtima ukugundira, mmene magazi akuthamangira, ngati thupi latentha kapena ayi. Lamba woyezera magazi ankandimanga koma osapopa. Jakisoni analibe singano. Mapiritsi anali masiwiti, ndipo pa zaka zimene ndagwira ntchitoyi ndawonongetsa mano awiri. Mwa njira imeneyi tinalera ana aulemu kwambiri, amene akagwira wodwala maso amathamangira kudenga.

Tsiku lija kunabwera akuluakulu a ku Cairo kudzaona ngati phunziroli lipitirire kapena lithe. Dokotala Nagwa anandipeza ndikuvala chimkanjo, maso ake ali psuu ndi kusagona.

"Amalume Shawki, chonde, lero musawonjezere zanu."

"Ine kuwonjezera? Liti?"

"Sabata yatha munaitana mayi anu omwalira, munagawa chuma, mpaka munakhululukira mlamu wanu."

"Anthu akamafa amatero, adokotala."

"Ifani mmene alembera apulofesa, basi. Phunziro langa lili m'manja mwanu."

Matenda a tsikulo anali a mtima, amene ndimawadziwa kuposa onse. Nkhani yake anailemba ndi Pulofesa Raafat mwiniwake, katswiri wa mtima amene akamayenda m'khonde anamwino amakanirira kukhoma. Wodwala agwire pachifuwa ndi dzanja lamanja, anene kuti pakulemera ngati pasanjikidwa thumba la simenti, ululu utsikire ku mkono wamanzere, abuule. Ndinali nditazichita kambirimbiri, moti ena mwa ana ankalira.

M'mawa umenewo ndinadya nyemba zanga ndi anyezi pa kangolo kogulitsira zakudya ka pakona monga mwa masiku onse, koma zinandikhala pamtima. Nsagwada inkandiwawa, ndinati ndi dzino lina lagonja kwa masiwiti. Pokwera masitepe ndinaima pakati ngati nkhalamba, mpweya utandithera. Sindinauze munthu. Anthu a ku Cairo anali atabwera kudzandionera, ndipo chitsekereni nyumba ya zisudzo ndinali ndisanakhalepo ndi oonera ovala masuti.

Gulu limene linasankhidwa linali la ana atatu. Wa udokotala anali Marwan, mwana weniweni wa Pulofesa Raafat, mnyamata wamtali wofatsa amene chomvetsera mtima chija sankachivula m'khosi ngakhale akudya. Nzeru sizinamuchulukire, iye ankadziwa, bambo ake ankadziwanso, ndipo ankamukumbutsa. Wa unamwino anali Basma, mtsikana wakumudzi wa pakamwa pakuthwa, amene anali atachenjezedwa kale chifukwa cha kalankhulidwe. Wazamankhwala anali Demiana, wamfupi, wa kamtanda kodindidwa padzanja, amene chikwama chake chinali sitolo yathunthu ndipo sankasiyana nacho. Basma ndi Marwan sankalankhulana chiyambire tsiku limene Marwan anamuitana kuti "iwe nesi" pamaso pa anthu.

Analowa akumwetulira, aliyense n'kutchula dzina lake ndi ntchito yake, n'kusamba m'manja pa mpopi wopanda madzi. Kuseri kwa galasi ndinkaona zithunzithunzi za anthu atakhala monga mwa maudindo awo, apulofesa ndi alendo kutsogolo, Dokotala Nagwa mwini phunziro ataima kumbuyo pafupi ndi chitseko.

"Mwaswera bwanji, bambo? Chikukuvutani n'chiyani?" anatero Marwan.

Ndinakoka mpweya kuti ndiyambe. "Adokotala, pachifuwa panga pano..."

Pamenepo m'pamene chinandigwira. Sichinabwere pachifuwa ngati mmene analembera. Chinayambira m'nsagwada, n'kukalasa pakati pa mapewa, ngati munthu wandiponda ndi bondo kumsana. Nseru inakwera, thupi lonse linazizira, thukuta n'kumangotuluka. Ndinafuna kubuula, mawu osatuluka. Zaka zonsezi ndinkabuula mokweza, osadziwa kuti ululu weniweni umayamba walanda mawu. Ndinangoti kukamwa yasa ngati nsomba za pamsika paja, dzanja lili pa nsagwada.

Mawu a kudenga, omwe tsikulo anali a mphunzitsi wina wachinyamata, ananena chapansipansi, "Wodwala agwire pachifuwa."

Sindinathe. Ndinamva phokoso la mpando, kenako mawu a kudenga anasintha, anakhala a Pulofesa Raafat.

"Bambo Shawki, pachifuwa ndi mkono wamanzere. Mwagwira nsagwada ngati muli kwa wozula mano. Matenda a mtima sawoneka choncho."

Wina kuseriko anaseka. Ndinasonkhanitsa timphamvu tonse n'kumugwira Marwan malaya.

"Mwana wanga, ndikudwala zenizeni. Si sewero."

Tsoka lake, mawu amenewa ndinali nditawagwiritsapo ntchito. Ndinawawonjezera ndekha chaka chatha pa matenda a impso, ana anachita mantha, ndipo ndinanyadira sabata yonse. Marwan anandisisita paphewa mmene anamuphunzitsira.

"Ndakumvani, bambo, ndipo ndikumvetsa nkhawa yanu."

Mantha amene ndinamva pamenepo ndinali ndisanawamvepo. Ndinali pakati pa ophunzira zaumoyo, katswiri wa mtima ali kuseri kwa galasi, chipatala chili tsidya la msewu, ndipo ndinadziwa kuti ndifera pomwepo anthu akundipatsa malikisi. Ndinaganiza za Ihsan, kuti adzamuuza chiyani. Mwina kuti mwamuna wanu wafa, koma sanafe bwino.

Basma anandigwira pamkono, n'kuyang'ana kudenga.

"Mtima ukugunda mofulumira koma mwadongosolo," anatero mawu aja.

"Zikomo," anatero Basma kuuza denga.

Apa m'pamene Marwan anayenera kulongosolera anzake ndondomeko yonse ya chithandizo, ndipo anali ataloweza usiku wonse. Anayamba ngati mwana wolakatula pa tsiku lotsekera sukulu. Anachedwa nazo. Basma analibe poika dzanja, ndiye analisiya pomwepo pamkono panga, akudikira kuti mnzakeyo amalize. Musaganize kuti inali nzeru. Mtsikanayo anangotopa ndi kumvetsera, ndipo zala zake zitasowa chochita zinayamba kumva zimene zagwira.

Ndinaona nkhope yake ikusintha. Anatsitsa maso kuchoka kudenga, anandiyang'ana, anakanikiza zala.

"Ndili ndi nkhawa, mnzanga," anatero.

"Zikomo chifukwa cha nkhawa yanu, mnzanga," anayankha Marwan, n'kupitiriza pamene analekera.

"Ndili ndi nkhawa yaikulu, mnzanga."

"Ndakumvani, mnzanga."

Demiana anafika ndi kambale ka mapiritsi, anatchula dzina la mankhwala ndi mlingo wake momveka bwino kuti a kuseri kwa galasi amve, n'kundiika siwiti pakamwa. Kutsekemera kuja kutangofika pakhosi, nyemba zonse za m'mawa zinabwerera, ndi anyezi yemwe, n'kukatera pa nsapato zatsopano za Marwan.

Kuseri kwa galasi wina anawomba m'manja. Chokuzira mawu chinali chotsegula, ndiye ndinamva mmodzi wa alendo akuti, "Koma ndiye muli ndi munthu! Ameneyu mumamupeza kuti?"

"Amawonjezera," anatero Pulofesa Raafat. "Kusanza mulibe m'nkhaniyi. Pitirizani, ana inu."

Demiana sanapitirize. Anandigwira pamphumi, n'kuyang'ana chikhatho chake chonyowa.

"Basma, taona milomo yawo. Yatuwa. Munthu angasewere mpaka milomo?"

"Dzanja lawo lazizira ngati lachokera mufiriji, ndipo mtima ukudumphadumpha," anatero Basma. Kenako anatembenukira kwa Marwan, amene anali kakasi kuyang'ana nsapato zake, ndipo ulemu wonse wa chaka chathunthu unathera pomwepo. "Iwe Marwan, bulu iwe! Chimene wakoleka m'khosicho ndi mkanda wa chinkhoswe? Tamvetsera pachifuwa apa!"

"Kalankhulidwe, Basma," anatero mawu a kudenga.

"Mvetsera, ndati!"

Marwan anawerama n'kuika chitsulo chozizira chija pachifuwa panga. Ndikukhulupirira kuti kanali koyamba kuti achigwiritse ntchito m'chipinda chimenecho makutu ali otsegula. Anamvetsera, nkhope ikuyera.

"Sindikudziwa chimene ndikumva," ananong'ona.

"Chikufanana ndi chimene lanena dengali?"

"Ayi."

"Ndiye basi, wadziwa zokwanira. Iweyo ndiwe dokotala, nena tichite chiyani."

Demiana anali atakhuthula kale chikwama chake pamapazi panga. Munatuluka zipeso, mpango, makiyi, theka la buledi, timabotolo, mpaka anapeza chimene ankafuna.

"Amalume, tandiyang'anani. Muli ndi zilonda za m'mimba? Asipirini amakuyanjani? Ingogwedezani mutu. Chabwino. Tafunani uyu, musameze wathunthu, tafunani. Akuwawa, eti? Ndiye kuti ndi weniweni."

"Amenewo si mankhwala a m'nkhaniyi!" Pulofesa Raafat tsopano anali akukalipa, denga lonse likunjenjemera. "Bwererani pamene munalekera. Nthawi ikutha. Marwan!"

Mnyamata uja anayang'ana galasi, kumene kunali bambo ake, alendo, ndi tsogolo lake lonse. Anayang'ana kudenga. Kenako anandiyang'ana ine. Mumtima ndinati basi, zanga zada, mwana woopa bambo ake chotere sangasunthe. Koma anaponda kachitsulo komasulira matayala a bedi, n'kulankhula kwa bambo ake moyang'ana pansi.

"Bambo, mukandiphera kunyumba. Basma, tsegula chitseko."

Ulendo umene unatsatira sindidzauiwala, ngakhale kuti theka lake ndinauona ngati kumaloto. Marwan ankakankha, Basma akuthamanga chambali dzanja lake lili pamkono panga, Demiana ali kutsogolo akuthamangitsa anthu ndi chikwama. Tinadutsa khonde, tinatsika pamalo otsetsereka odutsa njinga za olumala, tinatulukira pachipata n'kulowa mumsewu dzuwa lili paliwombo. Matukutuku, njinga zamoto za matayala atatu zija, ankaliza mabelu, ogulitsa nsomba anasiya masikelo, ine chimkanjo chikuuluka, zonse zimene Mulungu anandipatsa zili pamtunda. Zaka zonse ndinkalakalaka khamu lotere.

"Kumanzere, bulu iwe, kuli dzenje!"

"Ndaliona! Iweyo usasiye dzanjalo, ukuwerenga?"

"Ndikuwerenga, usandiphunzitse ntchito!"

"Nonse awiri tsekani pakamwa, kankhani! Amalume, musagone, mwamva? Tiuzeni za mlamu wanu uja munamukhululukira."

Panalibe "mnzanga" ngakhale mmodzi pa msewu wonsewo. Koma aliyense ankamva mnzake mawu asanathe n'kutuluka komwe, ndipo bedi silinagunde kanthu.

Pakhomo la odwala mwadzidzidzi tinakumana ndi vuto lina. Mlonda wa pamenepo amandidziwa, timamwera tiyi malo amodzi.

"Aa, a Shawki! Lero mwabwera kudzasewerera kuno? Ana inu, zoyeserera zanu kachitireni kwanu uko, kuno kuli odwala enieni."

Basma anayamba kulongosola, sanamumvere. Demiana anakuwa, sanamumvere. Ndiye Marwan anaimirira mowongoka, masanzi ali pansapato, n'kutulutsa chida chokhacho chimene palibe wina aliyense anali nacho.

"Ine ndine mwana wa Pulofesa Raafat. Munthu uyu akafera pakhomo pano, mukawafotokozera nokha."

Zitseko zinatseguka ngati za Paradiso. Anamwino anatulukira, dokotala wa pa ntchito anasiya foni, mawaya anandimata pachifuwa, ndipo pepala litatuluka m'makina aliyense anayamba kuthamanga. Ndimamva anthu akudandaula za kukondera kwa m'dziko muno, inenso ndimadandaula nawo, koma chapansipansi.

Amene anatsegula mtsempha wotsekekawo anali Pulofesa Raafat yemweyo. Anafika ali wefuwefu, n'kulowetsa kachubu kudzera pamkono panga mpaka kumtima, ndipo ndinene zoona, munthu uja manja ali nawo. Ululu unachoka ngati wina wandichotsera bondo kumsana. Ali mkati mogwira ntchito anandiyang'ana pamwamba pa kansalu kakukamwa.

"Bambo Shawki, bwanji simunanene?"

"Ndinanena, apulofesa."

"Simunanene momveka. Komanso zizindikiro zanu sizinali za m'buku."

"Pepani. Ulendo wina ndidzakonzekera."

Ndinagona m'chipatala masiku angapo, Ihsan ali pambali panga akundidyetsa msuzi wopanda mchere n'kumandinena. Kugona kumeneko kunandipatsa mpata woonera sewero la akuluakulu. Dokotala ankabwera ndi chigulu chake, n'kulemba, n'kumapita osalankhula ndi munthu. Namwino ankabwera pambuyo n'kumatembenuza pepalalo uku ndi uku kuti awerenge zolembazo. Wazamankhwala ankaimba foni kuchokera pansi kufunsa ngati mlingo uli wolondola, foni n'kumalira yokha mpaka kutopa. Ena mwa anthu amenewa ndi omwe aja ankakhala kuseri kwa galasi n'kumachotsera ana malikisi.

Dokotala Nagwa anabwera kudzandiona atanyamula malalanje. Anakhala pa mpando, kenako analira pang'ono, n'kupukuta maso ndi nsonga ya mpango wake.

"Ndinaona thukuta lija, amalume. Ndinaliona ndili kuseri kwa galasi, ndipo mumtima ndinati koma bambo awa ndi katswiri."

"Musadandaule, adokotala. Amenewo ndi mawu abwino kuposa onse amene ndinauzidwapo pa ntchito ya zisudzo. Nanga phunziro lanu?"

"Lipitirira. Alendo anakondwa. Alemba kuti sukulu yathu ili ndi njira zamakono zophunzitsira ophunzira kukonzekera zadzidzidzi, ndipo mkulu wa sukulu wauza kale anthu kuti nzeruyo inali yake."

"Nanga ana anga atatu aja?"

Anayang'ana malalanje. "Alephera."

Ndinayesa kuti sindinamve bwino. Anandiwerengera milandu yawo. Anatuluka m'chipinda cha mayeso nthawi isanakwane. Anapereka mankhwala amene sanali m'nkhani. Ananyozera malangizo a mphunzitsi. Namwino anatchula dokotala dzina la chiweto. Palibe amene anathokoza mnzake chifukwa cha ganizo lake. Anatulutsanso katundu wa sukulu, bedi, popanda chilolezo.

"Ndinawamenyera nkhondo," anatero Dokotala Nagwa. "Koma a udokotala anati mwana wa pulofesa asaoneke ngati akukonderedwa. A kwathu ku unamwino anati Basma watichititsa manyazi ndi pakamwa pake. Azamankhwala anati mankhwala a m'chikwama ndi mlandu. Amalume, chiyambire phunziroli, aka kanali koyamba kuti magawo atatu onse agwirizane chimodzi."

Ndinaseka mpaka makina a pambali panga anayamba kulira. Koma atachoka ndinapsa mtima, ndipo mpaka lero ndikaganiza zimandiwawa.

Nditachira ndinabwerera ku ntchito. Ihsan anakana, koma ndinamuuza kuti kulibe malo ena m'tawuni muno kumene munthu wodwala mtima angagone pafupi ndi chipatala chotere n'kumalipidwa. Tsiku la mayeso obwereza a ana atatu aja ndinapempha ndekha kuti wodwala ndikhale ine. Pulofesa Raafat anandiimitsa m'khonde.

"Bambo Shawki, lero monga mwa buku. Pachifuwa, mkono wamanzere. Zija za tsiku lija zisabwerezedwe."

"Ndiyesetsa, apulofesa."

Analowa atatu aja akumwetulira, anatchula mayina awo, anasamba m'manja pa mpopi wouma. Marwan anali atawonda. Ndinamva kuti kunyumba kwawo bambo ake sankamulankhulabe, kupatula pomuuza kuti awapatsire mchere. Anandifunsa chimene chikundivuta ngati sitinaonanepo.

Ndinadwala bwino kwambiri tsiku limenelo. Dzanja pachifuwa, thumba la simenti, ululu wotsikira ku mkono wamanzere, kubuula kokoma kochokera pansi pamimba. Zonse zinali zabodza ndipo zonse zinali zolondola. Ana aja nawonso anasewera bwino. "Ndakumvani, mnzanga." "Zikomo chifukwa cha ganizo lanu, mnzanga." Demiana anandipatsa siwiti, chikwama chake chili paphewa chotsegula kale zipi.

Kenako Basma anandigwira pamkono.

"Mtima ukugunda mofulumira koma mwadongosolo," anatero mawu a kudenga.

Basma sanadzutse mutu. Maso ake anali pa wotchi yake, milomo ikuyenda pang'onopang'ono, zala zitakanikiza pamtsempha.

"Ndati mtima ukugunda mofulumira koma mwadongosolo," anabwereza mawu aja.

Palibe amene anayang'ana kudenga. Marwan, amene nthawi yake yolakatula inali itakwana, anangoima chete kudikira, akuyang'ana Basma. Demiana nayenso ankayang'ana Basma. Kuseri kwa galasi ndinaona dzanja la wina likulemba, ndipo ndinadziwa kuti malikisi ena apita. Mtsikana uja anawerenga mpaka anakhutira, n'kugwedeza mutu pang'ono, ndipo apo m'pamene Marwan anapuma n'kuyamba kulankhula.

Ndinayenera kubuulanso pamenepo, koma ndinaiwala. Maso anadzaza, misozi n'kumatsikira m'makutu poti ndinali chigonere. Basma sanachotse dzanja lake.

Kudenga kunamveka phokoso la mpando, kenako mawu a Pulofesa Raafat.

"Bambo Shawki, kulira mulibe m'nkhaniyi."